Ntchito inalipo, pogona ndiye panalibe: mbiri ya osamalira odwala opita ku Britain

Pali masamu ena amene wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amawadziwa ngakhale sanawaphunzire m'kalasi. Umatenga malipiro a munthu wosamalira okalamba ku Britain, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa paundi, kenako n'kuyang'anitsitsa nambala yomwe yatuluka pafoni mpaka mtima kuyamba kugunda. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamuwa akhala akukoma kwambiri. Ndawaona akuchitika m'zipinda za lendi ku Chikanda, ndipo nanenso ndinawachitapo. Chimene ndinachizindikira mochedwa n'chakuti tonsefe timangochulukitsa, palibe amene amachotsera. Ife amene mwezi ndi mwezi timakangana ndi alandilodi chifukwa cha kachipinda kopanda siling'i, tikayamba kulota zakunja timaiwala kuti kumenekonso munthu amagona m'nyumba, ndipo nyumbayo ili ndi mwiniwake.

Ulendo wokasamalira odwala ndi okalamba ku Britain sunayambe ndi m'badwo wathu. Anthu akhala akuuyenda kwa zaka zoposa 70, ndipo mbiri yawo ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Dziko lija likasowa antchito limaitana mofuula, koma silikonza pogona pa oitanidwawo. Phindu la ulendo wonse, ngakhalenso ufulu wa munthuyo, zimakathera pa funso lakuti makiyi a chipinda chake ali m'manja mwa ndani.

Chaka cha 1948

Pa 22 Juni 1948, anthu pafupifupi 800 ochokera ku Caribbean anatsika sitima ya pamadzi yotchedwa Empire Windrush padoko la Tilbury, pafupi ndi London. Patangotha masiku 13, pa 5 Julayi, boma la Britain linatsegula NHS, ndondomeko yoti nzika iliyonse izilandira chithandizo cha chipatala popanda kulipira pakhomo. Zinthu ziwirizi sizinakonzedwe limodzi, ndipo ambiri mwa amene anali m'sitimayo anali amuna ofuna ntchito zosiyanasiyana, osati anamwino. Koma tsiku loyambalo linaonetseratu vuto lomwe linali kubwera. Amuna oposa 200 analibe kolowera, moti boma linawagoneka kudzenje lobisalamo mabomba lomwe linakumbidwa nthawi ya nkhondo pansi pa siteshoni ya Clapham South. Ofesi yofunsirako ntchito yomwe inali pafupi inali pamsewu wa Coldharbour Lane ku Brixton, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe dera la Brixton linadzakhalira kwawo kwa anthu a ku Caribbean.

NHS inabadwa ikusowa anamwino zikwizikwi. Atsikana ambiri a ku Ireland anali akugwira kale ntchitoyi, koma sanakwane. Kuyambira mu 1949 boma linayamba kuitana atsikana a ku Jamaica, Barbados, Trinidad, British Guiana ndi maiko ena omwe linkawalamulira kuti adzaphunzire unamwino. Lamulo la unzika la 1948 linkawaona ngati nzika za Britain ndi maiko ake, choncho sankafunika viza. Mtsikana ankangofunika kalata yochokera kuchipatala ndi ndalama ya sitima.

Kwa wophunzira unamwino, pogona panali pokonzeka. Zipatala zinali ndi nyumba zawo za anamwino, ndipo ndalama ya chipinda ndi chakudya inkadulidwa kumalipiro. Zimenezi zinali zothandiza kwa mtsikana wa zaka 19 amene sanaonepo chipale chofewa. Koma m'nyumbazi munali malamulo a nthawi yofikira usiku ndiponso a alendo, ndipo bedi linali la ntchito, osati la munthu. Kusiya maphunziro kapena kuchotsedwa kunkatanthauza kutaya malipiro ndi pogona pa nthawi imodzi. Amene agogo awo anapita kutheba aidziwa nkhaniyi, chifukwa komponi ya pamgodi inkayenda chimodzimodzi: amene wakupatsa ntchito ndi amenenso wakupatsa denga, ndiye pakamwa pako pamalemera ukafuna kudandaula.

Ndipo zodandaula zinalipo. Unamwino unali ndi maphunziro a mitundu iwiri. A zaka zitatu ankapereka udindo wa SRN, womwe unkatsegula njira yokwezedwa pantchito. A zaka ziwiri ankapereka udindo wa SEN, womwe unali wotsika ndipo m'maiko ambiri a kwawo sunkawerengedwa. Atsikana akuda ambiri anakankhidwira ku maphunziro a zaka ziwiri ngakhale anali ndi zowayenereza kuchita a zaka zitatu, ndipo ambiri anatumizidwa kuzipatala za okalamba ndi za matenda a m'maganizo, komwe eni dziko sankakufuna. Ena anapyola ndithu. Daphne Steele wa ku British Guiana anafika mu 1951, ndipo mu 1964 anakhala mkulu wa anamwino woyamba wachikuda mu NHS, pachipatala cha St Winifred's ku Ilkley. Koma kuti zitenge zaka 16 kuchokera pomwe NHS inayamba, ndiye kuti khomo linali lopanikiza.

Kunja kwa geti la chipatala

Vuto lenileni linkayamba munthu akamaliza maphunziro, akakwatiwa kapena akakhala ndi mwana, chifukwa nyumba ya anamwino sinali ya mabanja. Ena ambiri, monga ochapa, ophika ndi okolopa m'zipatala, analibe n'komwe mwayi wa nyumbazo. Onsewa ankalowa mumsika wa nyumba za lendi m'mizinda yomwe mabomba a nkhondo anali ataigumula, momwe ngakhale eni dziko ankasowa pokhala.

Misewu itatu inali yotseka. Nyumba za khonsolo, zomwe zinali zotsika mtengo, zinkafuna kuti munthu akhale kaye m'deralo kwa zaka zingapo, kwina zisanu, asanalembedwe pamndandanda. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama zogulira nyumba kawirikawiri ankakana anthu akuda. Alandilodi ambiri ankapachika zikwangwani m'mawindo zonena kuti akuda sakufunika, ndipo panalibe lamulo lowaletsa. Mayi amene usiku wonse wakhala akutembenuza ndi kusambitsa nkhalamba yachizungu, m'mawa ankatha kugogoda pakhomo lolembedwa kuti chipinda chilipo, n'kuuzidwa kuti changotengedwa kumene.

Pamene ambiri akukana, amene wavomera amatchula mtengo womwe akufuna. Wodziwika kwambiri anali Peter Rachman, mbadwa ya ku Poland yomwe inagula nyumba zambiri zakalekale ku Notting Hill m'zaka za m'ma 1950. Lamulo la lendi la 1957 linkati wokhala m'nyumba wakale akatuluka, malire a mtengo wa lendi amathera pomwepo. Choncho phindu linali pa kutulutsa alendi akale, kugawa nyumba m'tizipinda ting'onoting'ono, ndi kulowetsamo obwera kumene pamtengo wokwera. Banja lathunthu linkakhala m'chipinda chimodzi, kuwotha mbaula ya palafini, ndi kulimbirana chitofu ndi bafa ndi mabanja ena. Rachman anamwalira mu 1962, ndipo nkhani zake zitaphulika mu 1963 dzina lake linasanduka mawu a Chingerezi otanthauza kudyera alendi masuku pamutu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa alendi ake ankamukumbukira ngati munthu yekhayo amene anawatsegulira chitseko. Zimenezi sizimuyeretsa iyeyo, zimangoonetsa mmene enawo analili.

Kulimbirana nyumba kunathira mafuta pamoto wa tsankho. Kumapeto kwa Ogasiti 1958, magulu a anyamata achizungu anaukira anthu akuda ndi nyumba zawo ku Notting Hill kwa masiku angapo. Mu Meyi 1959, kalipentala wa ku Antigua dzina lake Kelso Cochrane anabayidwa n'kufa m'dera lomwelo, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa m'khoti.

M'zaka zoyambirira za nyengo imeneyi munali Mmalawi mmodzi wodziwika amene ankasamalira odwala ku London. Dr Hastings Kamuzu Banda anali ndi chipatala chakechake ku Harlesden kuyambira mu 1945 mpaka 1953, odwala ake ambiri anali azungu, ndipo anali ndi nyumba yake yomwe omenyera ufulu a ku Africa ankakumaniramo. Ankakhala mumzinda womwewo, khungu lake linali lomwelo, koma moyo wake unali wina. Anali ndi mapepala a udotolo, anali bwana wa iye mwini, ndipo makiyi anali m'thumba mwake. Tikamamva za Amalawi amene zinawayendera kunja, ndi bwino kufunsa kuti analowera khomo liti.

Mutu umodzi susenza denga

Chimene chinatulutsa mabanja ambiri a ku Caribbean m'tizipinda tija n'chinthu chimene mayi aliyense wa mumsika wa Ndirande angachizindikire. Anthu a ku Jamaica amachitcha pardner, a ku Trinidad amati susu, ife timati chipereganyu. Anthu khumi kapena makumi awiri ankasonkha ndalama yofanana sabata iliyonse kwa munthu mmodzi wodalirika, kawirikawiri mayi, ndipo sabata iliyonse mmodzi ankalandira zonse. Panalibe chiwongoladzanja, panalibe fomu yosaina, chikole chinali mbiri ya munthu pakati pa anzake. Ndalamazo zinkalipira tikiti ya mkazi kapena mwana wotsala kwawo, koma makamaka zinkakhala dipoziti ya nyumba.

Banja likagula nyumba yakale ya zipinda zambiri ku Brixton kapena ku Handsworth mumzinda wa Birmingham, linkakhala m'zipinda ziwiri n'kuchititsa lendi zinazo kwa obwera kumene, ndipo lendiyo inkabweza ngongole. Si onse amene anali achifundo, ena anafinya abale awo monga momwe iwo anafinyidwira. Komabe njirayi inasandutsa alendi kukhala eni nyumba mkati mwa m'badwo umodzi. Maloto amenewa anali ofala moti Sam Selvon, mlembi wa ku Trinidad, anawalembera buku lonse mu 1965, The Housing Lark, lonena za anzawo ofuna kusonkherana kuti agule nyumba ku London. Mu 1964 anthu a ku Caribbean anayambitsa bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Hornsey, limodzi mwa oyambirira a mtunduwu ku Britain, lofanana ndi ma SACCO athu.

Malamulo anabwera pambuyo. Mu 1963 m'busa Bruce Kenrick anayambitsa Notting Hill Housing Trust kuti izigula nyumba n'kumazichititsa lendi pamtengo woyenera. Lamulo la lendi la 1965 linabwezera alendi chitetezo. Mu 1967 bungwe la Political and Economic Planning linatulutsa kafukufuku yemwe linatumiza mzungu ndi wakuda kukafunsa nyumba imodzimodzi, ndipo zotsatira zake zinatsimikizira zimene akuda ankanena kwa zaka zambiri. Chaka chotsatira, lamulo la Race Relations Act la 1968 linaletsa tsankho pa nyumba ndi pa ntchito. Apa n'kuti patatha zaka 20 chifikireni Windrush.

Pali mfundo imodzi imene sitiyenera kuiphonya. Chipereganyu chinatheka chifukwa anthuwa anali nzika. Namwino akazunzidwa ankatha kusiya, kupita kuchipatala china kapena kufakitale, popanda womuthamangitsa m'dziko. Ankatha kupanga mapulani a zaka khumi. Ufulu wolowa unayamba kuchepa ndi lamulo la Commonwealth Immigrants Act la 1962, lomwe linadza pa nthawi imene Enoch Powell anali nduna ya zaumoyo ndipo zipatala zake zinkadalirabe anamwino ndi madotolo akunja. Powell yemweyo ndiye anadzalankhula mawu oopseza otsutsa obwera mu 1968. Kuitana ndi dzanja limodzi uku linalo likukankha si khalidwe lachilendo m'mbiri imeneyi.

Nthawi yathu

Amalawi analowa mumtsinje umenewu mwaunyinji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino athu ankachoka m'zipatala za boma kupita ku Britain. Zinafika poti boma ndi othandiza ake anakhazikitsa ndondomeko yapadera yomwe kuyambira mu 2005 inawonjezera 52 peresenti pamalipiro a ogwira ntchito zaumoyo kuti atsale. Anamwinowo anali ndi mapepala, ndipo ena anayambira m'nyumba zosungira okalamba podikira kuvomerezedwa.

Gulu laposachedwa linali losiyana. Britain itatuluka m'bungwe la European Union, antchito a ku Ulaya anasiya kulowa mwaufulu kumapeto kwa 2020, ndipo mliri wa Covid-19 unakhwimitsa kusowa kwa antchito. Mu Febuluwale 2022 boma linalola kuti osamalira okalamba ndi olumala, ngakhale opanda digiri ya unamwino, azipatsidwa viza ya Health and Care Worker. Mu 2023 mokha maviza oposa 100,000 anaperekedwa kwa antchito a mtunduwu, ambiri ochokera ku India, Nigeria ndi Zimbabwe. Olemba ntchito sanali NHS, koma makampani zikwizikwi, aakulu ndi aang'ono, chifukwa chisamaliro cha okalamba chinapita kwambiri m'manja mwa makampani kuyambira pa lamulo la 1990.

Tsopano tiyeni tichotsere. Mu Epulo 2024 malipiro otsikitsitsa ololedwa pa vizayi anali £23,200 pachaka, omwe ndi pafupifupi £1,930 pamwezi msonkho usanadulidwe. Chaka chomwecho, lendi yapakatikati ya nyumba ku London inali itapyola £2,000 pamwezi. M'mizinda yakumpoto mitengo ndi yotsikirapo, komabe wobwera kumene kawirikawiri amathera m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anthu osawadziwa. Ku England lamulo limalola landilodi kufuna dipoziti yofika lendi ya masabata asanu, kuwonjezera pa lendi ya mwezi woyamba. Ambiri amafunanso mbiri ya ngongole kapena munthu wokhala m'dzikomo woti akuimire, zinthu zomwe munthu wotsika ndege dzulo alibe. Kuyambira mu 2016 landilodi wa ku England amakakamizidwa kuona mapepala a mlendi, ndipo ena amangopewa aliyense wa pasipoti yachilendo. Lamulo limeneli linapwetekanso ana a m'badwo wa Windrush, omwe ena anataya nyumba ndi ntchito ngakhale anali atakhala m'dzikomo zaka makumi ambiri, nkhani yomwe inaphulika mu 2018. Pamwamba pa zonsezi, vizayi siilola munthu kupempha nyumba ya khonsolo kapena thandizo la boma pa lendi.

Ndiye bwana akati ali ndi chipinda, munthu amavomera. Apa mbiri yabwerera ku nyumba ya anamwino ya m'ma 1950, koma ndi chingwe chowonjezera. Viza imamangidwa kwa bwana mmodzi. Ntchito ikatha kapena kampani ikalandidwa chilolezo, munthu kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 kuti apeze bwana wina womulembera, apo ayi achoke m'dziko. Malipiro, bedi ndi chilolezo chokhala m'dziko zonse zili m'dzanja limodzi. Munthu wotere sadandaula akapatsidwa maola ochepa kuposa omwe analonjezedwa, kapena akadulidwa lendi yokwera ya chipinda chogona anthu atatu. Boma la Britain lenilenilo linanena kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda zilolezo makampani oposa 470 a ntchitoyi, zomwe zinakhudza antchito oposa 39,000. Ambiri anali atalipira ndalama zankhaninkhani kwa madobadoba, ngakhale lamulo la kumeneko limaletsa kulipiritsa munthu kuti umupezere ntchito.

Kenako chitseko chinayamba kutsekeka. Kuyambira mu Malichi 2024 osamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 boma linasiya kulandira antchito atsopano a mtunduwu ochokera kunja. Anamwino ovomerezeka akhoza kupitabe, ngakhale dziko la Malawi lili pamndandanda wa bungwe la WHO wa maiko osowa antchito azaumoyo, womwe Britain imautsatira poletsa olemba ntchito kudzasaka antchito kuno. Choncho wina akakulemberani pa WhatsApp kuti ali ndi malo a care ku UK ndipo mungotumiza ndalama, dziwani kuti akukugulitsani njira yomwe inatsekedwa.

Tisanalongedze

Wina anena kuti n'zosavuta kulankhula chonchi usanayende ndi envulopu ya khaki mu Lilongwe kwa zaka ziwiri. Akunena zoona. Pali anthu amene ntchito yosamalira okalamba yawamangira nyumba kuno ndi kuphunzitsa azing'ono awo, ndipo si ntchito yochititsa manyazi. Sindikunena kuti munthu asapite. Ndikuganizanso kuti khomo lidzatsegukanso, kaya ku Britain kapena kwina, chifukwa okalamba a m'maiko olemera akuchulukirachulukira ndipo owasambitsa sakukwana. Likadzatseguka, otsatsa adzatchula malipiro ndipo ife tidzatulutsanso mafoni athu.

Tsiku limenelo tidzakumbukire kuti safunsa anadya phula. Kodi chipinda n'cha ndani, ndipo lendi yake yalembedwa pati? Ndikasiya ntchito, ndili ndi masiku angati m'chipindamo, nanga m'dzikomo? Maola otsimikizika pasabata ndi angati? Kodi mumzindamo muli Amalawi kapena mpingo womwe ungandisunge sabata imodzi zitavuta? Amayi a ku Jamaica aja sanapulumuke chifukwa cha chifundo cha alandilodi kapena changu cha boma, lomwe linatenga zaka 20 kuti lilembe lamulo. Anapulumuka chifukwa anali ndi ufulu wochoka pantchito yoipa, ndiponso chifukwa ankasonkherana sabata ndi sabata mpaka mmodzi wa iwo atagwira makiyi. Ufulu woyambawo viza za masiku ano siziupereka, n'chifukwa chake tiyenera kuwerenga pepala lililonse tisanasaine. Koma chachiwiricho tili nacho kale, tinachiphunzira kwa amayi athu, ndipo sichifuna chidindo cha kazembe aliyense.